Ng'oma, Dongo ndi Choko: Mafunso ndi Mayankho pa za Luso m'Sukulu za Pulayimale ku Milange

Chaka cha sukulu ku Mozambique chimayamba cha mu Febuluwale n'kutha mvula yoyamba itagwa, mu Novembala kapena Disembala. Apa m'pamene makolo a m'boma la Milange, m'chigawo cha Zambezia, amaitanidwa kukamva mmene ana akhozera. Kawirikawiri nkhani imathera pa malikisi a Chipwitikizi ndi masamu, ndipo nyimbo, magule ndi zojambula zimangobwera kudzakometsera mwambo. Mafunso otsatirawa ndi amene kholo, mphunzitsi kapena mfumu angafunse pofuna kudziwa ngati sukulu yaing'ono ingaike luso patsogolo, chimene ingaonetse potseka chaka, komanso amene ayenera kusenza ntchitoyo.

Kodi nyimbo, zojambula ndi ntchito zamanja zili ndi malo m'sukulu za boma ku Mozambique?

Zili nawo. Ndondomeko ya maphunziro a pulayimale imene inayamba kugwira ntchito mu 2004 inapatula maphunziro atatu a luso: Educação Musical ya nyimbo, Educação Visual ya zojambula, ndi Ofícios ya ntchito zamanja monga kuluka, kuumba ndi kusoka. Pambuyo pake, boma litaona kuti ana ambiri akukwera makalasi osatha kuwerenga, linachepetsa maphunziro a m'makalasi oyambirira kuti nthawi yambiri ipite ku Chipwitikizi ndi masamu. Zojambula ndi ntchito zamanja zinaphatikizidwa kukhala phunziro limodzi la makalasi akumapeto. Lamulo la maphunziro la 2018 nalo linadula pulayimale kuchoka pa makalasi 7 kufika pa 6.

Kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, ku Malawi, phunziro lotere limatchedwa Expressive Arts, ndipo bungwe la MANEB limalifunsa pa mayeso a Sitandade 8 pamodzi ndi Life Skills. Mbali zonse ziwiri vuto ndi limodzi: luso limene limafuna manja, mapazi ndi pakhosi limasanduka manotsi okopera pabolodi. Mwana amaloweza maina a zoimbira, koma chaka n'kutha asanagwireko ng'oma.

Ngati maola achepa choncho, nthawi yophunzitsa luso la kumudzi ichokera kuti?

Ndondomeko yomweyo ya 2004 inasiya khomo limene makolo ambiri salidziwa, lotchedwa currículo local. Pa phunziro lililonse, magawo 20 pa 100 alionse a nthawi ndi oti anthu a m'deralo asankhe chimene ana awo aphunzire. Ndiye kuti pa maola asanu alionse, ola limodzi ndi la mudzi. Aphunzitsi amayenera kufunsa makolo, mafumu, azipembedzo ndi amisiri, kulemba zimene agwirizana, n'kuzilumikiza ndi phunziro la m'buku. Woluka malichero angathe kulowa m'phunziro la masamu, pakuti kuluka n'kuwerenga nsungwi ndi kubwereza kalukidwe. Agogo odziwa nthano angathe kulowa m'phunziro la chilankhulo.

Khomo limeneli limakhala chitsekere pa zifukwa zodziwika. Aphunzitsi ambiri amatumizidwa kuchokera kumaboma ena, ndipo ena sadziwa bwino chilankhulo cha ana awo. Sukulu zambiri zimaphunzitsa ana ena m'mawa, ena masana, choncho tsiku ndi lalifupi. Kalasi imadzaza mpaka pakhomo. Komanso mmisiri amene wasiya munda wake kudzaphunzitsa ana alibe malipiro. Zonsezi ndi zoona, koma palibe ndi chimodzi chomwe chimene chimafuna chilolezo cha ku Maputo kuti chikonzedwe. Lamulo linaloleza kale. Chatsala n'choti mudzi ulowe.

Milange ali ndi chiyani chimene mwana angaphunzire pa luso?

Ali ndi zambiri kuposa zimene ola limodzi lingakwanitse. Tauni ya Milange ili patsinde pa phiri la Tumbine, moyang'anana ndi phiri la Mulanje, ndipo anthu ake amalankhula Chichewa, Chilomwe ndi Chimarenje, kuphatikizapo Chipwitikizi cha kusukulu ndi ku ofesi. Malire anadula minda, koma sanadule magule. Tchopa, gule wa Alomwe amene amavinidwa pokondwerera zokolola komanso popereka nsembe kwa makolo pakagwa chilala kapena mliri, analembedwa ndi UNESCO mu 2014 m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu onse, ndipo chaka ndi chaka amavinidwa pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde m'boma la Mulanje. Alomwe a ku Malawiwo makolo awo anachokera ku Mozambique konkuno.

Pa nthawi ya nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, dziko la Malawi linasunga anthu othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ambiri a ku Milange anali m'gulu limenelo. Makolo ndi agogo a ana a lero ena anaphunzira a, e, i, o, u m'Chichewa kumisasa ya ku Malawi, n'kubwerako ndi nyimbo za kwaya, masewero ndi ndakatulo za kumeneko. Choncho m'mudzi umodzi mungapezeke wosema ng'oma, woimba mangolongondo, mayi woumba mbiya, woluka mikeka ya mlaza, ndi mnyamata wokhoma banjo ya chigubu cha mafuta. Alan Namoko wa ku Thyolo, woimba wosaona amene nyimbo zake zinkamveka mbali zonse za malire, anatchuka ndi banjo yotere, osati ndi zida za m'sitolo.

Kodi gule aliyense ndi woyenera kuvinidwa pabwalo la sukulu?

Ayi, ndipo sukulu yanzeru imafunsa eni ake isanayambe. Gule wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, ali ndi dambwe lake ndi malamulo ake. Si wa mphunzitsi kumutenga n'kuveka ana zigoba kuti alendo aombe m'manja. Nyimbo za kuchinamwali nazo zili ndi anamkungwi ake ndi nthawi yake. Ngakhale tchopa ali ndi mbali yachisangalalo ndi mbali yansembe. Makolo ena amapemphera m'mipingo kapena m'mizikiti imene salola ana kuvina magule ena, ndipo mwana asakakamizidwe kusankha pakati pa mphunzitsi ndi mayi ake. Njira ndi kukhala pansi ndi amfumu, anamkungwi ndi atsogoleri a mapemphero chaka chikamayamba, n'kugwirizana zimene zibwere kusukulu ndi zimene zitsale kumudzi. Kukambirana kumeneko kumathandizanso kuti zinamwali zizichitika pa tchuthi, ana asaphonye kalasi.

Pali sukulu yeniyeni imene inaika luso patsogolo n'kupindula?

Ilipo, ndipo ili pa njira imene amalonda a ku Milange amaidziwa bwino. Mukawoloka pa Muloza n'kudutsa Mulanje ndi Thyolo kulowera ku Limbe, mumafika ku Chigumula, dera limene kuli Jacaranda School for Orphans. Anaiyambitsa mu 2002 ndi mayi Marie Da Silva, amene pa nthawiyo ankagwira ntchito yolera ana ku Los Angeles m'dziko la America. Iwo anali atataya abale 14 chifukwa cha Edzi, kuphatikizapo bambo awo ndi alongo awo awiri. Atamva kuti kasukulu ka m'mudzi mwawo katsala pang'ono kutsekedwa, anapempha mayi awo kuti ana aziphunzirira m'nyumba ya banja, ndipo iwo ankatumiza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro awo mwezi ndi mwezi kuti aphunzitsi alipidwe. Mu 2008 wailesi ya kanema ya CNN inawasankha kukhala mmodzi mwa ngwazi 10 za chakacho.

Lero sukuluyi ili ndi pulayimale ndi sekondale, imaphunzitsa ana amasiye mazana angapo kwaulere, imawapatsa phala, ndipo kuimba, kuvina ndi kujambula ndi mbali ya moyo wake wa tsiku ndi tsiku. Motsogozedwa ndi mayi Da Silva ndi bambo Luc Deschamps, ntchitoyi inabala Jacaranda Cultural Centre mumzinda wa Blantyre, kumene oimba ndi ojambula amaonetsa ntchito zawo. Onetsetsani dongosolo lake: choyamba denga, mphunzitsi ndi phala, luso linakula pamwamba pa zimenezo. Mwana wanjala savina.

Koma Jacaranda ili ndi abwenzi akunja. Sukulu ya kumudzi ku Milange itengapo chiyani?

Itengepo chiyambi chake, osati nyumba zake za lero. Kwa zaka zingapo CNN isanabwere, sukuluyo inkayenda ndi nyumba ya banja limodzi, malipiro a munthu mmodzi ndi aphunzitsi olandira zochepa. Abwenzi akunja anapeza ntchito ili m'kati.

Mozambique ali ndi chitsanzo chakechake. Malangatana Valente Ngwenya, amene anabadwa mu 1936 ku Matalana m'boma la Marracuene n'kumwalira mu 2011, ankaweta ziweto ali mwana ndipo anadzagwirapo ntchito yotola mipira pa kalabu ya tenisi mumzinda umene lero ndi Maputo. Pamene ankatchuka padziko lonse ndi zojambula zake, mpaka UNESCO kumutcha mmisiri wa mtendere mu 1997, anali atayambitsa kale kasukulu ka ana a m'dera limene ankakhala, kotchedwa Vamos Brincar, ndipo anathandiza kumanga malo a zachikhalidwe kwawo ku Matalana. Chimene anapatsa anawo kwenikweni ndi nthawi yake ndi maso ake. Zipangizo zoyambira n'zimene zili pakhomo: makala, dothi la katondo ndi lamakande, makatoni a m'magolosale, mawaya, zitsekero za mabotolo, nsungwi ndi chikopa cha mbuzi.

Kodi zimenezi sizidya nthawi ya kuwerenga ndi masamu?

Kholo lofunsa chonchi likunena zoona zake, pakuti chimene chimatsegula khomo la kalasi 7 ndi mayeso, osati gule. Koma taonani mmene mwana wa ku Milange amayambira sukulu. Kunyumba amalankhula Chichewa kapena Chilomwe. M'kalasi amamva Chipwitikizi chimene mwina sanachimvepo. Miyezi yoyamba amangokhala duu. Boma linalizindikira vutoli kalekale: kuyambira 1993 mpaka 1997 linayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza, ndipo kuyambira 2003 njirayi inayamba kufalikira m'sukulu zina za m'zigawo zonse. Komabe si sukulu iliyonse imene ili nayo.

Kumene kulibe, nyimbo, chithunzi ndi sewero ndiye mlatho. Mwana amene sangayankhe funso m'Chipwitikizi angathe kujambula msika wa kwawo, kenaka mphunzitsi n'kumuthandiza kulemba dzina pansi pa chinthu chilichonse. Dzanja lozolowera kuumba ndi kujambula siliuma pogwira pensulo. Woloweza mawu a sewero amawerenga pepala limodzi kambirimbiri osatopa nalo.

Chinanso ndi kujomba. Ku Milange njinga zonyamula chimanga, nandolo ndi nyemba zimapita ku Muloza ndi ku Limbuli tsiku ndi tsiku, kwacha ndi metikali zikusinthana m'manja, ndipo mnyamata wa zaka 12 amaona yekha kuti ganyu amalipira lero lomwe. Mtsikana naye amakokedwa ndi ntchito zapakhomo ndi ukwati, ngakhale lamulo la 2019 linaletsa kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18. Mwana amene akudziwa kuti popanda iye ng'oma yaikulu ilibe woimba, kapena kuti sewero silitheka, ali ndi chifukwa china chobwerera mawa.

Potseka chaka, sukulu yotere iwerenge chiyani ngati zopambana zake?

Apa m'pamene sukulu zambiri zimadzinamiza. Masiku a zisangalalo ndi ambiri: 1 Juni tsiku la ana, 16 Juni tsiku la mwana wa mu Africa, 25 Juni tsiku la ufulu, 12 Okutobala tsiku la aphunzitsi. Mlendo wa ku boma akamabwera, aphunzitsi amasankha ana 15 odziwa kale kuvina, kuwaphunzitsa sabata imodzi, kubwereka nsalu zofanana, ndipo tsikulo fumbi limachita koboo. Mawa lake ng'oma yabwezedwa kwa mwini wake. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lipoti loona la chaka liyankhe mafunso ena. Mwa ana amene analembetsa mu Febuluwale, ndi angati afika mu Novembala, anyamata angati, atsikana angati? Ndi angati agwirako chida choimbira, dongo kapena singano, osati osankhidwa okha koma kalasi yonse, kuphatikizapo mwana wolumala ndi wamanyazi wa kumbuyo uja? Ndi amisiri angati a m'mudzi alowa m'kalasi, ndipo kangati? Ola la mudzi lija lagwiritsidwa ntchito masabata angati? Ana amene ali m'kwaya kapena m'gulu la sewero, malikisi awo pa 20 akwera kapena atsika? Sukulu yatsala ndi katundu wanji amene inalibe chaka chatha: ng'oma zakezake, mikeka yokhalira ana a kalasi 1, zithunzi zophunzitsira zopachika pakhoma?

Njira yosavuta yoonetsera zimenezi ndi kusunga ntchito za mwana aliyense. Chojambula cha mu Malichi chiikidwe pambali pa cha mu Okutobala. Kholo limene silidziwa kuwerenga malikisi lidzaona lokha kusiyana kwake, ndipo lidzafunsa mafunso amene silikanafunsa pa pepala la manambala.

Thandizo la anthu a m'dera limadzera kwa yani?

Sukulu iliyonse ya boma ku Mozambique imayenera kukhala ndi conselho de escola, komiti imene mumakhala mkulu wa sukulu, aphunzitsi, ophunzira, makolo ndi anthu ena a m'mudzi. Wapampando wake sakhala mkulu wa sukulu. Amasankhidwa pakati pa makolo kapena anthu a m'deralo. Komitiyi imavomereza mapulani a chaka ndipo imaona mmene zayendera ndalama za Apoio Directo às Escolas, zimene boma lakhala likutumiza kusukulu za pulayimale kuyambira 2003 kuti zigulire zipangizo zophunzitsira ndi kukonza zowonongeka zazing'ono. Ndalamazo n'zochepa, ndipo choko, makope ndi maloko zimatsogola. Koma ngati pamsonkhano palibe wotchula mapepala ojambulira kapena ulusi, sizidzalembedwa n'komwe.

Pamwamba pa sukulu pali ZIP, gulu la sukulu zoyandikana kumene aphunzitsi amakumana kuthandizana, kenaka ofesi ya maphunziro ya boma la Milange. Mphunzitsi mmodzi wodziwa nyimbo angathe kuphunzitsa anzake a sukulu zonse za mu ZIP yake. Wailesi ya m'dera ya Thumbine nayo ndi bwalo: kwaya ya ana ikamveka pa wailesi, mudzi wonse umadziwa kuti kusukulu kukuchitika kanthu.

Nanga kholo lopanda ndalama lingathandize bwanji?

Zambiri zimene sukulu yotere imasowa sizigulidwa. Bambo amene wapha mbuzi pamwambo apereke chikopa. Amayi odziwa kumene kuli dongo labwino aperekeze ana. Telala wa pamsika asunge tizidutswa ta nsalu. Mpingo kapena mzikiti ubwereke mabenchi. Amfumu apereke malo a munda wa sukulu, ndipo alankhule ndi makolo amene ana awo asiya kubwera. Agogo amene akuphunzitsa nthano kapena kuluka asabwere ulere chaka chonse: makolo angathe kusinthana kuwalimira mizere ingapo, monga mmene anthu amathandizirana pa dima.

Chenjezo ndi limodzi. Mozambique anathetsa fizi ya pulayimale mu 2004, patapita zaka 10 Malawi atachita zomwezo mu 1994. Chopereka cha mwambo wotsekera chaka chisasanduke fizi yolowera kukhomo lakumbuyo. Mwana asabwezedwe, kapena kuchotsedwa pamzere wa ovina, chifukwa kwawo alephera kugula nsalu. Ndipo chilichonse chimene chasonkhedwa, kaya ndi metikali, kwacha kapena chitini cha chimanga, chilembedwe n'kuwerengedwa pamaso pa onse. Anthu amasiya kusonkha osati chifukwa chosowa, koma chifukwa sanauzidwe kumene zapita za chaka chatha.

Chaka cha tsoka, monga cha namondwe, luso siliyenera kuyamba ladikira?

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy analowera ku Quelimane n'kukhuthula mvula pa Zambezia ndi kumwera kwa Malawi, patangotha chaka chimodzi anamondwe a Ana ndi Gombe atadutsa. Madenga a makalasi anasasuka, mabuku ananyowa, ndipo sukulu zina zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Pa nthawi yotere zoyamba ndi malata, zimbudzi ndi madzi akumwa, palibe angatsutse. Koma kalasi ikakhala pansi pa mtengo, buku limodzi ana khumi, chimene mphunzitsi watsala nacho ndi mawu, manja ndi dothi lolembapo. Ana amene aona nyumba ikugwa kapena mbale akukokoloka nthawi zambiri satha kufotokoza. Ena amayamba ndi kujambula. Sewero la ana lonena za kuthira mankhwala m'madzi akumwa kapena kusamuka m'mbali mwa mtsinje limafikanso kwa makolo amene sakanawerenga chikalata cha a zaumoyo.

Mwana waluso akamaliza kalasi 6, lusolo limufikitsa kuti?

Njira zilipo, ngakhale n'zazitali. Festival Nacional da Cultura imayambira m'maboma, kupita kuchigawo, kenaka dziko lonse, ndipo magulu a kumudzi amapikisana nawo. Ku Maputo kuli sukulu za boma za nyimbo, zovina ndi zojambula. Ku Malawi kuli Kungoni Centre ku Mua m'boma la Dedza, imene bambo Claude Boucher anaiyambitsa mu 1976 ndipo yaphunzitsa osema ambiri. Kuli Music Crossroads, imene imagwiranso ntchito ku Mozambique. Ndipo University of Malawi ku Zomba imaphunzitsa nyimbo, zisudzo ndi zojambula.

Koma tisanamize ana. Ambiri sadzakhala Malangatana. Adzakhala akalipentala, atelala, amisiri omanga nyumba, olemba zikwangwani za mashopu, otsogolera kwaya, alimi ndi aphunzitsi, ndipo onsewa amadya ndi diso loona chokhota, dzanja losanjenjemera ndi mtima woima pagulu n'kulankhula. Izi ndi zimene sukulu yaing'ono ingalonjeze popanda bodza. Kuti ilonjeze, ntchito imayamba pa msonkhano woyamba wa makolo mu Febuluwale: wina aimirire, afunse kuti ola la mudzi chaka chino liphunzitsa chiyani, aphunzitse ndani, tsiku liti, ndipo yankho lilembedwe m'buku la komiti kuti mu Novembala lidzawerengedwenso.